Jeraniyamu: Duwa Lokhalitsa Limene Mdani Wake ku Mulanje ndi Madzi

Mvula ikamakata m'mwezi wa Epulo, makomo ambiri a m'boma la Mulanje amatsala ndi zipsera za dzinja. Pabwalo pamene pamasesedwa m'mawa uliwonse pamakhala timigula tofiira, miyala imene inali yokwiririka imatulukira, ndipo m'mbali mwa nyumba zina maziko amaonekera poyera. Koma pakhonde la nyumba zomwezo, kuyambira ku Chitakale mpaka ku Limbuli, sipasowa chitini chakale cha penti momwe mwamera duwa la masamba obulungira, lonyamula mitu ya maluwa ofiira, apinki kapena oyera. Duwalo ndi jeraniyamu.

Ambiri amene ali nalo sanachite kugula. Anapatsidwa kanthambi ndi mnansi, mlamu kapena mnzawo wa kumpingo, n'kukazika m'dothi, ndipo kanaphuka. Ambiri mwa iwo analionanso duwalo likufa cha mu Febuluwale, tsinde litada bii n'kufewa ngati nthochi yakupsa, ndipo anangoti ali ndi dzanja loipa. Dzanja lilibe mlandu. Jeraniyamu ndi chomera chimene chimakhala zaka zingapo osafuna kubzalidwanso, chimachita maluwa pafupifupi chaka chonse, ndipo chimapirira ng'amba kuposa maluwa ambiri. Chimene sichipirira ndi madzi ochuluka, ndipo Mulanje ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'Malawi. Luso lonse losunga duwali m'boma lino lagona pa kudziwa kulitchinjiriza ku chinyontho.

Nkhaniyi ndi yofunika m'boma limene malo ndi ochepa. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'boma la Mulanje munali anthu 684,107, ndipo gawo lalikulu la nthaka ndi la phiri ndi minda ya tiyi. Palibe banja limene lingapereke munda wa chimanga, nandolo kapena chinangwa kuti pamere maluwa. Jeraniyamu sapempha munda. Amakhutira ndi m'mphepete mwa bwalo, m'mbali mwa njira yopita kukhitchini, kapena m'chigubu chong'ambika chimene chikanatayidwa kudzala.

Dzina limodzi, mabanja awiri

Dzina lakuti jeraniyamu limatchulidwa pa zomera za mitundu iwiri yapachibale, ndipo kusiyanitsa mitunduyi kumathandiza munthu kusankha chimene chingakule pakhomo pake.

Mtundu woyamba ndi umene akatswiri a zomera amautcha Geranium. Uli ndi magulu oposa 400, ndipo ambiri mwa iwo amamera m'mayiko ozizira kapena pamwamba pa mapiri a m'mayiko otentha. Tsinde lake ndi lopyapyala, limayanga pansi, ndipo duwa lake lili ndi timasamba tisanu tofanana ndendende, ngati kambale kakang'ono.

Mtundu wachiwiri ndi Pelargonium, umene uli ndi magulu pafupifupi 280, ambiri ochokera ku South Africa. Tsinde lake ndi lonenepa, losunga madzi, ndipo pa duwa lake timasamba tiwiri ta m'mwamba timasiyana ndi titatu ta m'munsi. Amalinyero anatengera zomerazi ku Ulaya m'zaka za m'ma 1600, ndipo mu 1753 katswiri wa ku Sweden, Carl Linnaeus, anaika mitundu yonse iwiri m'gulu limodzi. Mu 1789 katswiri wina wa ku France, Charles L'Héritier, anaisiyanitsa, koma dzina loyamba linali litakhazikika kale pakamwa pa anthu. Mayina onse awiri anachokera ku Chigiriki ndipo amanena za mbalame za milomo italiitali monga dokowe, chifukwa chipatso cha zomerazi chimaoneka ngati mlomo wa mbalame yotero.

Jeraniyamu wa m'zitini za m'makonde a ku Mulanje ndi wa mtundu wachiwiriwu. Amapezeka m'maonekedwe atatu odziwika. Pali woimirira, wa masamba obulungira okhala ndi mzere wakuda wozungulira pakati, amene ndiye wofala kwambiri. Pali wolendewera, wa masamba osalala ndi onyezimira, amene amakongola akamatsika kuchokera pachipupa kapena m'chitini chopachika. Ndipo pali wonunkhira, wa masamba ong'ambikang'ambika, amene maluwa ake ndi aang'ono koma masamba ake akafikisidwa amatulutsa fungo la mandimu kapena la duwa la rozi.

Chifukwa chake duwa limakhalitsa

Mwa majeraniyamu a mtundu woyamba, wotchuka kwambiri padziko lonse ndi wotchedwa Rozanne. Anapezeka mu 1989 m'munda wa banja lina ku Somerset, ku England, atangomera yekha kuchokera pa kukwatirana kwa magulu awiri a kumapiri a Himalaya. Anaonetsedwa koyamba pachionetsero cha maluwa cha Chelsea ku London mu 2000, ndipo mu 2013, pokumbukira zaka 100 za chionetserocho, anthu anamuvotera kukhala duwa lopambana onse. Maluwa ake ndi abuluu, oyera pakati, ndipo amaphuka kwa miyezi yambiri motsatizana.

Chinsinsi cha Rozanne ndi chakuti sabala njere. Chomera chilichonse chimachita maluwa ndi cholinga chobala mbewu, ndipo njere zikayamba kukhwima mphamvu zonse zimapita kumeneko, maluwa n'kuchepa. Chomera chosabala njere chimangopitiriza kutulutsa maluwa, popeza ntchito yake siifika pamapeto. Mfundo imeneyi ndi imene mlimi wa ku Mulanje angatolepo. Rozanne weniweniyo anazolowera nyengo yozizira, ndipo kulowetsa chomera chamoyo m'dziko kumafuna chilolezo cha akuluakulu oona za chitetezo cha mbewu. Koma jeraniyamu wamba wa pakhonde angathe kuchita chimodzimodzi ngati mwini wake akuchotsa maluwa ofota asanabale njere. Chimene Rozanne amachita mwachibadwa, jeraniyamu wa m'chitini amachita mothandizidwa ndi zala za mwini wake.

Nyengo ya Mulanje ndi zofuna za duwali

Makolo a jeraniyamu wa pakhonde anachokera kumadera a miyala ndi mchenga, kumene mvula ikagwa madzi sachedwa kuphwa. N'chifukwa chake tsinde lake limasunga madzi, ndipo mizu yake imafuna mpweya. Dothi likakhala lonyowa kwa masiku ambiri, mizu imabanika, kenaka imaola, ndipo kuolako kumakwera mpaka kutsinde.

M'madera a kumwera kwa phiri, monga ku Lujeri, Mimosa ndi Muloza, mvula imagwa yochuluka kwambiri, moti malo ena imapitirira mamilimita 2,000 pachaka. Mvula yamvumbi ya mu Januwale ndi Febuluwale imatha sabata osapereka mpata woti dothi liume. Dzinja likatha kumabwera chiperoni, mvula yowaza ndi nkhungu imene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Chiperoni cha pakati pa Meyi ndi Ogasiti ndi dalitso ku tiyi, koma chimasiya masamba a jeraniyamu ali onyowa usana ndi usiku, ndipo masamba onyowa ndiwo khomo la matenda.

Madera a kuchigwa cha kumadzulo ndi kumpoto kwa boma, monga cha ku Nkando ndi Thuchila, amalandira mvula yocheperapo ndipo amatentha kwambiri m'chilimwe. Kumeneko vuto limasintha: dothi la malo ena ndi lamakande, limene limasunga madzi m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe, ndipo dzuwa la masana limawaula masamba. Choncho wokhala kufupi ndi minda ya tiyi ayenera kuganiza kwambiri za mvula ndi nkhungu, pomwe wa kuchigwa ayenera kuganiza za dothi lolemera ndi mthunzi wa masana. Onse awiri cholinga chawo n'chimodzi: madzi adutse pamizu, asagonepo.

Kusankha malo ndi kukonza dothi

Jeraniyamu amafuna dzuwa la maola anayi mpaka asanu ndi limodzi patsiku, ndipo labwino koposa ndi la m'mawa, limene limaumitsa mame msanga. Mbali ya nyumba yoyang'ana kum'mawa ndiyo yoyenera. Pamthunzi wokhawokha, monga pansi pa mtengo wa mango kapena wa mapeyala, chomeracho chimangotalika, masamba n'kutalikirana, maluwa osaoneka.

Malo amene ambiri amasankha, ndiponso amene amapha maluwa ambiri, ndi pansi pa mathero a denga. Nyumba ya malata yopanda mipope yolandira madzi imakhuthulira mvula ya denga lonse pamzere umodzi, ndipo palibe jeraniyamu angapirire mathithi otero. Kubzala mogundana ndi chipupa nakonso n'kolakwika, chifukwa kuthirira kwa tsiku ndi tsiku kumanyowetsa maziko, ndipo nyumba ya zidina siichedwa kufooka ikamamwa madzi kunsi. Njira yabwino ndiyo kuyala miyala pamzere pamene madzi a padenga amagwera, kukumba kangalande kowatsogolera kutali ndi nyumba, kenaka n'kukonza bedi la maluwa pafupifupi mita imodzi kuchokera pachipupa. Zikatero nyumba imatetezeka, ndipo maluwa amalandira mvula yokhayo yogwa kuchokera kumwamba.

Bedilo liyenera kukhala lokwera, masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pansi, ngati bedi la nazale ya m'dzinja. Njerwa zosweka kapena miyala zikazunguliridwa m'mbali, dothi silikokoloka. Dothilo lisakanizidwe ndi mchenga wa kumtsinje ndi manyowa owolerana bwino. Manyowa aawisi a nkhuku kapena a nkhumba amatentha mizu ndipo amaitana matenda.

Palinso nkhani ya asidi. Dothi lofiira la m'mphepete mwa phiri lili ndi asidi wambiri, ndipo n'chifukwa china chimene tiyi amakondera kumeneko. Jeraniyamu safuna asidi wochuluka chotero. Phulusa la nkhuni limachepetsa asidi, choncho dzanja limodzi kapena awiri a phulusa pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, losakanizidwa bwino ndi dothi sabata imodzi kapena awiri asanabzale, limathandiza. Phulusa lochuluka limawononga, ndipo la pulasitiki kapena zinyalala zina siliyenera kufika pabedi.

Amene akufuna kubzala m'chitini, m'chigubu kapena mumphika wong'aluka asakanize magawo awiri a dothi la pamwamba, gawo limodzi la mchenga ndi gawo limodzi la manyowa. Chofunika koposa ndi kuboola kunsi, mabowo anayi kapena asanu, ndi kuika chitinicho pamwamba pa njerwa ziwiri kuti madzi azituluka momasuka. Chitini chosaboola chimapha duwa, ndipo mbale yotsalira madzi pansi pa chitini imasanduka malo oswanirana udzudzu. Ubwino wa chitini ndi wakuti chimanyamulika: mvumbi ukayamba chimalowa pakhonde, dzuwa likawala chimatuluka. M'madera a mvula yambiri, imeneyi ndiyo njira yodalirika kuposa zonse.

Kubzala ndi nthambi

Jeraniyamu amafala ndi nthambi, monga chinangwa ndi mbatata, ndipo chomera chatsopano chimafanana ndendende ndi mayi wake. Nthawi yabwino yodula nthambi ku Mulanje ndi mu Epulo, mvula ikamachepa koma kusanazizire, kapena kumapeto kwa Ogasiti ndi mu Sepitembala, chiperoni chitatha. Nthambi zodulidwa pakati pa dzinja kapena m'kati mwa chiperoni zambiri zimaola zisanachite mizu.

Nthambi yoyenera ndi ya kunsonga, yobiriwira koma yolimba, yochokera pa chomera chopanda banga lililonse. Idulidwe yotalika masentimita 10 mpaka 15, ndipo mpeni udutse munsi pang'ono mwa mfundo, pamene tsamba limalumikizana ndi tsinde, chifukwa mizu imatulukira pamenepo. Mpeni kapena lezala ikhale yakuthwa ndi yoyera. Kuiwaula pamoto musanayambe kudula chomera china kumapha tizilombo tofalitsa matenda. Masamba onse a m'munsi achotsedwe, kutsale awiri kapena atatu a kunsonga, ndipo maluwa ndi timphundu ta maluwa zichotsedwenso kuti mphamvu ipite kumizu.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri amachidumpha. Nthambi yongodulidwa kumene isazikidwe nthawi yomweyo. Iikidwe pamthunzi kwa maola angapo, ngakhale usiku wonse, kuti bala lake liume. Bala louma sililowa matenda msanga. Ikatero izikidwe m'chubu kapena m'kachitini momwe muli mchenga wambiri kuposa dothi, mozama masentimita atatu kapena anayi, ndipo dothi litsinderedwe pang'ono ndi chala. Ithiriridwe kamodzi, n'kuikidwa pamalo owala koma osawomba dzuwa la masana. Isaphimbidwe ndi pepala la pulasitiki monga amachitira ndi mbande za mitengo ina, popeza thukuta la m'pepalamo limaoletsa tsinde.

Pakatha masabata atatu kapena anayi mizu imakhala itayamba, ndipo chizindikiro chake ndi timasamba tatsopano kunsonga. Apa m'pofunika kukumbukira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha: kuzula nthambi tsiku ndi tsiku pofuna kuona ngati yachita mizu ndiko kuipha. Pakatha masabata asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu mbandeyo ingawokedwe pabedi, motalikirana masentimita 30 mpaka 40 kuti mphepo izidutsa pakati. Isakwiriridwe mozama kuposa momwe inalili m'chubu.

Kusamalira kuti maluwa asaduke

Kuthirira kumayendera chala osati kalendala. Chala chikalowa m'dothi mpaka pamfundo yoyamba n'kupeza chinyontho, tsiku limenelo si lothirira. Chikapeza pouma, madzi athiridwe okwanira mpaka atulukire kunsi kwa chitini, ndipo alunjike padothi, osati pamasamba. Nthawi yabwino ndi m'mawa. M'chilimwe zomera za m'zitini zingafune madzi kawiri kapena katatu pasabata, pomwe m'nyengo ya chiperoni zingathe sabata yonse kapena kuposerapo osafuna kanthu. Madzi otsukira ndiwo zamasamba kapena mpunga ndi okwanira. A sopo wochapira ndi a mchere ndi osayenera.

Ntchito yaikulu ndiyo ija yotengera chitsanzo cha Rozanne. Mutu wa maluwa ukayamba kufota, phesi lake lonse lithyoledwe pamene limalumikizana ndi tsinde. Phesilo limathyoka mosavuta likapindidwira pansi. Kuchita zimenezi kamodzi pasabata kumalepheretsa njere kukhwima, ndipo chomera chimayankha ndi mitu ina yatsopano. Kumachotsanso timasamba tofota timene tikanagwera pamasamba n'kuyambitsa chuku.

Chomera chikadali chaching'ono, nsonga yake itsinidwe ikafika masentimita pafupifupi 15. Pamalo pa tsinde limodzi pamatuluka nthambi ziwiri kapena zitatu, ndipo nthambi iliyonse imadzanyamula maluwa ake. Chomera chachikulu chimene chatalika n'kutsala ndi masamba kunsonga kokha chidulidwe mpaka theka, makamaka mu Ogasiti kapena Sepitembala, tsiku louma. Zodulidwazo ndizo mbewu ya chaka chimenecho.

Pa chakudya, jeraniyamu si chimanga. Feteleza wobereketsa wa Urea amapangitsa masamba kukhala ambiri ndi ofewa, maluwa n'kusowa, ndipo masamba ofewa amakopa tizilombo. Manyowa owolerana pang'ono, othiridwa pamwamba kawiri kapena katatu pachaka, ndi okwanira. Pophimbira dothi ndi udzu kapena masamba ouma m'chilimwe, zophimbirazo zisagunde tsinde, ndipo zichepetsedwe mvula ikayamba, popeza zimasunga chinyontho ndipo zimaitana chiswe.

Ngakhale duwali limakhala zaka zambiri, likapitirira zaka ziwiri kapena zitatu tsinde limauma ngati nkhuni ndipo maluwa amachepa. Mlimi wanzeru amazika nthambi zingapo chaka chilichonse, kuti chakale chikatopa chatsopano chikhale chitakonzeka, ndiponso kuti mvumbi ukapha cha pabedi, cha pakhonde chitsale.

Matenda ofunika kuwadziwa

Matenda ofala kwambiri ndi kuola kwa tsinde, kumene kumayambira padothi n'kukwera, tsinde n'kuda. Alibe mankhwala. Chomera chogwidwa chizulidwe, dothi la m'chitinimo litayidwe kutali, ndipo ngati nsonga zina zikadali zolimba ndi zobiriwira zingadulidwe n'kuzikidwa m'dothi latsopano.

Achiwiri ndi dzimbiri la masamba, limene limakonda jeraniyamu woimirira m'nyengo ya chinyezi. Pamwamba pa tsamba pamaoneka timadontho tachikasu, ndipo kunsi kwake kumakhala timabanga tofiirira tozungulira, tokhala ndi fumbi. Achitatu ndi chuku chotuwa, chimene chimagwira maluwa ofota ndi masamba onyowa pa nthawi ya chiperoni. Onse awiri amachepa ngati masamba ogwidwa akuchotsedwa msanga n'kuwotchedwa kapena kukwiriridwa, zomera zikutalikirana, ndipo madzi sakuthiridwa pamasamba.

Pali matenda ena amene amakhudza chakudya ndi chuma cha banja. Kachilombo kamene kamafotetsa tomato, mbatatesi ndi fodya kamagwiranso jeraniyamu, ndipo kamayenda ndi nthambi, dothi ndi madzi. Mu 2003 nthambi za jeraniyamu zochokera ku Kenya zinalowetsa kachilomboka m'nazale za maluwa ku America, ndipo zomera zambiri zinawonongedwa pofuna kuteteza minda ya mbatatesi. Choncho jeraniyamu amene akufota pomwe dothi lili lonyowa asapatsidwe kwa mnansi, asaponyedwe pamulu wa manyowa, ndipo dothi lake lisafike kudimba. Mofananamo, dothi la padimba pamene tomato anafota lisatengedwe kukadzaza zitini za maluwa. Pamene pali chikayiko, mlangizi wa zaulimi wa m'deralo ndiye woyenera kufunsidwa.

Tizilombo monga nsabwe za m'masamba ndi mbozi zoboola timphundu ta maluwa timathetsedwa ndi manja: kufinya nsabwe ndi zala, kutola mbozi madzulo, kapena kupopera madzi osakaniza ndi sopo wa mtanda pang'ono. Mankhwala amphamvu a m'munda alibe malo pakhonde pamene ana amasewera ndi nkhuku zimatola.

Zimene duwali lingachite ndi zimene silingachite

Bwalo losesedwa tsiku ndi tsiku ndi ulemu wa pakhomo, ndipo limathandiza kuona njoka isanafike pakhomo la nyumba. Koma tsache limachotsa dothi pang'onopang'ono, mvula n'kumalizitsa. Mzere wa maluwa m'mphepete mwa bwalo, wotchingidwa ndi miyala, umachepetsa malo osesedwa, umaswa mphamvu ya madontho a mvula, ndipo umagwira dothi limene likanapita kumsewu. Jeraniyamu wodulidwa bwino sapanga tchire, choncho pansi pake pamaoneka.

Komabe duwali lisapatsidwe ntchito yoposa msinkhu wake. Mizu yake ndi yosazama. Boma limene linaona matope ndi miyala zikutsika m'phiri pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 likudziwa kuti malo otsetsereka amafuna mitengo, akalozera, udzu wa vetiva ndi ngalande zokonzedwa bwino. Jeraniyamu amabwera pambuyo pa zimenezi, osati m'malo mwake.

Palinso chikhulupiriro chakuti jeraniyamu wonunkhira mandimu amathamangitsa udzudzu. Chomera chongoima pakhonde kapena pawindo sichithamangitsa udzudzu, ndipo banja limene lingasiye kugona m'masikito podalira fungo la duwa likudziika pangozi ya malungo. Masamba a jeraniyamu amadwalitsanso agalu ndi amphaka akawadya, choncho zitini ziikidwe pamene tiana ta ziweto sitifika.

Pa za ndalama, n'zoona kuti jeraniyamu wonunkhira amatulutsa mafuta opangira zonunkhiritsa, amene amalimidwa kwambiri ku Egypt ndi ku China. Koma tani imodzi ya masamba imatulutsa mafuta pafupifupi kilogalamu imodzi kapena ziwiri zokha, ndipo pamafunika makina ndi msika wotsimikizika. Phindu lapafupi ndi la mbande. Chomera chimodzi chachikulu chimapereka nthambi zingapo chaka chilichonse, ndipo mbande yochita maluwa m'chubu ingagulitsidwe kwa eni nyumba, malo ogona alendo ndi maofesi. Magulu amene ali kale ndi nazale za mitengo ali ndi machubu, mthunzi ndi luso, ndipo angaonjezere maluwa popanda kugula zipangizo zina. Si chuma chomangira nyumba, koma ndi ndalama ya sopo ndi makope yochokera pamalo amene sakanabala kanthu.

Jeraniyamu wa m'phiri akhale m'phiri

Boma lino lilinso ndi jeraniyamu wakewake, wa mtundu woyamba uja, m'bale wake wa Rozanne. Pamwamba pa phiri la Mulanje pamamera gulu lotchedwa Geranium mlanjense, limene dzina lake likutchula phirili m'kalembedwe kakale, ndipo silipezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Ndi chimodzi mwa zomera pafupifupi 70 zimene kwawo ndi phiri lokhali, phiri limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo limadziwika ndi mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko la Malawi.

Munthu wokonda maluwa akamva zimenezi angakopeke kukazula chomeracho kuti akabzale pakhomo. Kutero n'kulakwa pawiri. Choyamba, phirili ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira mu 1927, ndipo lamulo la za nkhalango la mu 1997 limaletsa kuchotsamo zomera popanda chilolezo. Mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, zimene zaonjezera udindo wa anthu ozungulira phirili. Chachiwiri, chomera chozolowera kuzizira ndi nkhungu za pamwamba pa phiri sichingapirire kutentha kwa m'midzi ya kunsi, imene yambiri siifika ngakhale mamita 1,000. Wochizula amachepetsa chuma chimene chilibe kwina kochitenga, ndipo pakatha masabata ochepa amatsala ndi chitini cha dothi lokha.

Jeraniyamu wa pakhonde alibe vuto limeneli. Akadulidwa amachuluka, ndipo mwini wake akapatsa mnansi nthambi sataya kanthu, popeza chomera chodulidwa chimaphuka nthambi ziwiri pamene panali imodzi. Mwezi wa Epulo ndi wa Sepitembala ndiyo nthawi yopemphana nthambi. Banja limene lingaboole zitini zake, kuyala miyala pansi pa denga ndi kuzika nthambi zisanu m'mwezi umodzi mwa imeneyi, lidzakhala ndi maluwa mvula yotsatira isanagwe, ndi nthambi zina zopatsa khomo loyandikana nalo chaka chamawa.